Mmene mungaikire zenera loonekera mkati pa hard drive ya kompyuta

Hard drive, chipangizo chimene chimasunga mafailo ndi deta, ndi chimodzi mwa zipangizo zochepa za m'kompyuta zimene zimagwira ntchito pochita kuyenda ndithu, koma kuyendako kumachitikira m'kabokosi kachitsulo kotsekedwa, moti anthu ambiri amangomva kulira kwake osaona chimene chikulira. Mkatimo muli zimbale zosalala kwambiri zimene nthawi zambiri zimazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, komanso mkono umene umathamangira uku ndi uku utanyamula timitu towerenga ndi kulemba deta. Anthu okonda kukongoletsa makompyuta awo anayamba kale kudula chivundikiro cha chipangizochi n'kumatapo pulasitiki yoonekera, ndipo chidwicho chinakula mpaka kampani ya Western Digital inatulutsa Raptor X m'chaka cha 2006, ya magigabayiti 150, yozungulira maulendo 10,000 pa mphindi, yokhala ndi zenera loikiratu kufakitale. Zimene kampaniyo inachitira m'zipinda zopanda fumbi, inu mukufuna kuzichita ndi zida za pamanja, choncho ndi bwino kudziwiratu pamene pagona vuto. Kudula chitsulo munthu aliyense wodekha atha kukwanitsa. Chimene chimapha ma hard drive pa ntchitoyi ndi fumbi, ndipo pafupifupi malangizo onse otsatirawa cholinga chake n'chakuti chipangizocho chikhale chotsegula kwa nthawi yochepa zedi.

Chifukwa chake n'chakuti kamutu kowerenga deta sikakhudza chimbale. Kamayandama pa mpweya umene chimbalecho chimakoka pozungulira, ndipo m'ma hard drive amakono mpata wa pakati pa ziwirizi sukwana mananomita 10 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita), pamene tsitsi limodzi la munthu n'lonenepa pakati pa mananomita 50,000 ndi 100,000. M'mphepete mwa chimbale cha mamilimita 95 chozungulira maulendo 7,200 pa mphindi, liwiro limapitirira makilomita 120 pa ola, kotero kwa kamutuko kachidutswa ka fumbi kali ngati mwala waukulu umene wagwera pakati pa msewu, galimoto ili pa liwiro. Kamutu kakagunda fumbilo kamadumpha, n'kutera pachimbale, n'kupala utoto wa maginito umene umasunga deta. Zopalikazo zimasanduka fumbi latsopano mkati momwemo, ndipo kuwonongeka kumapitirira kokha. Chidindo cha chala, dontho la malovu lotuluka polankhula, ngakhale utsi wa fodya, zonsezi n'zokwanira kuyambitsa ngozi imeneyi.

Kusankha hard drive yoyenera

Musagwiritse ntchito hard drive imene muli mafailo amene mungawalire atatayika. Mukangomasula chivundikiro, chitsimikizo cha kampani chimathera pomwepo, ndipo ngakhale ntchito itayenda bwino bwanji, chipangizocho sichiyeneranso kusungiramo chinthu chimene chilibe kope lina kwina. Koperani zonse zofunika musanagwire chida chilichonse.

Hard drive yabwino pa ntchitoyi ndi yakale ya mainchi 3.5, ya magigabayiti makumi angapo, makamaka ya chimbale chimodzi kapena ziwiri. Ma hard drive a m'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ali ndi timitu touluka m'mwambako pang'ono ndiponso mizere ya deta yotalikirana, choncho amapirira tizolakwa timene atsopano sangapirire. A mu laputopu, a mainchi 2.5, ndi ovuta: chivundikiro chake n'chopyapyala, chili pafupi kwambiri ndi chimbale, ndipo zimbale zake nthawi zambiri ndi zagalasi, zimene zikasweka zimamwazika tizidutswa takuthwa. Pali mtundu umodzi umene simuyenera n'komwe kuuyesa, ndiwo wodzazidwa mpweya wa helium, umene kampani ya HGST inayamba kugulitsa m'chaka cha 2013. Ma hard drive amenewa amawotcherera kuti mpweyawo usatuluke, ndipo timitu take tinapangidwira mpweya wopepukawo, moti kuboola chivundikiro n'chimodzimodzi kuipha.

Ngati n'kotheka, pezani ma hard drive awiri ofanana ndendende, a kampani imodzi ndi nambala ya mtundu imodzi, ina yamoyo, ina yakufa. Ine ndimaona kuti langizo limeneli limaposa ena onse, pakuti chivundikiro cha yakufayo mukhoza kuchidula, kuchipala, kuchitsuka ndi kuchisiya masiku angapo kuti guluu aume, yamoyoyo ikadali yotseka. Nthawi yosinthanitsa ikafika, mkati mumaonekera kwa masekondi owerengeka chabe. Yakufayo imakuthandizaninso kuphunzira: mutha kuitsegula mosaopa, kuona pamene pali masikuluwu obisika, ndi kuyeza malo a mkono ndi chimbale. Mukakhala ndi imodzi yokha, muyenera kuisunga yopanda chivundikiro m'thumba latsopano loteteza ku static (magetsi amene amadziunjika pa zinthu zikakhuzidwa) kapena m'kabokosi kotsukidwa bwino kotseka kwambiri, itayang'ana pansi popanda chokhudza chimbale, ndipo dziwani kuti mwayi woti ipulumuke wachepa.

Musanayambe, yesani thanzi la yamoyoyo ndi pulogalamu yowerenga SMART (manambala amene hard drive imasunga onena za thanzi lake), monga smartctl kapena CrystalDiskInfo, n'kulemba papepala manambala a mizere itatu: wa 5, umene umawerenga zigawo zoipa zimene zinalowetsedwa m'malo ndi zina, wa 197, wa zigawo zokayikitsa, ndi wa 198, wa zigawo zimene zalephereka kuwerengedwa. Popanda manambala oyambirirawa simudzatha kusiyanitsa vuto lakale ndi limene mwabweretsa inuyo.

Kujambula ndi kudula chivundikiro

Masikuluwu a chivundikiro ndi a mtundu wa Torx, aja a mutu wa nyenyezi, ndipo pa ma hard drive ambiri a mainchi 3.5 saizi yake ndi T8. Ena amaonekera m'mbali, koma imodzi kapena ziwiri zimabisala pansi pa chipepala chomatidwa pamwamba. Yendetsani chala pachipepalacho mukusindikiza pang'ono, ndipo pamene mwamva kadzenje kozungulira, pamenepo pali sikuluwu. Yofunika kwambiri ndi imene imalowa pamwamba pa nsanamira imene mkono umatembenukirapo. Sikuluwu imeneyi sikuti imangogwira chivundikiro. Imalimbitsa nsanamirayo kuti iime chilili, ndipo ikasowa kapena ikapendekeka timitu timaphonya mizere ya deta. Pa mitundu ina palinso sikuluwu ina pakati pa mota yozungulitsa zimbale. Pojambula zenera, malo a masikuluwu amenewa asiyeni ndi chitsulo chokwanira cholumikizana ndi mbali zonse za chivundikiro, ngakhale zitachititsa kuti zenera likhale la maonekedwe okhota.

Tembenuzani chivundikiro cha yakufayo n'kuyang'ana kunsi kwake. Muona gasiketi, kamzere kofewa kotseka mpata, yozungulira m'mphepete monse, ndipo pa mitundu ina muonanso kasefa komatidwa pansi pa kabowo kopumira, kaja kamene pambali pake amalemba chenjezo loti musakatseke. Kabowoka kamalola mphamvu ya mpweya wa mkati kufanana ndi ya kunja, ndipo kasefako kamaletsa fumbi kulowa. Zenera lanu lisafike pa gasiketi, pa kasefa, kapena pamwamba pa maginito amphamvu amene amayendetsa mkono, chifukwa pa mitundu ina chivundikiro chimathandiza kupanikiza chitsulo chogwira maginitowo. Malo abwino ndi amene amaonetsa theka la chimbale pamodzi ndi njira yonse imene nsonga ya mkono imadutsa, pakuti kumeneko n'kumene kuli zoti munthu aonere. Siyani chitsulo cha mamilimita osachepera 5 kuzungulira bowolo kuti pulasitiki ipeze pogwira, ndipo makona akhale ozungulira, chifukwa makona akuthwa ndi ovuta kupala ndiponso ndi pamene chitsulo chimayambira kupindika.

Kudulako chitireni kutali ndi hard drive yamoyo, m'chipinda china ngati n'kotheka. Utuchi wa chitsulo ndi woopsa kuposa fumbi wamba, ndipo maginito a mkati amakoka tizitsulo tina kuchokera kulikonse kumene tili pafupi. Chotsani chipepala cha pamwamba pochitenthetsa pang'ono ndi choumitsira tsitsi. Ngati pansi pake pali chitsulo china chomatidwa chochepetsa phokoso, chiduleni pamodzi kapena chikanganuleni mosamala. Phimbani kasefa ndi tepi mbali zonse ziwiri, matani tepi ya pepala pamwamba ponse, ndipo jambulani mzere wanu pa tepiyo. Kenako manganani chivundikirocho pa thabwa lathyathyathya, boolani mabowo m'makona, ndipo lumikizani mabowowo ndi kachipangizo kozungulira monga Dremel kapena ndi kasowo ka mano aang'ono. Dulani mkati mwa mzere, n'kusiya pang'ono poti mumalize ndi tupa. Valani magalasi oteteza maso, chifukwa timawilo todulira timasweka kawirikawiri. Musakanikize kwambiri ndipo muzipumira chitsulo chikatentha, pakuti chivundikiro chopindika ngakhale pang'ono sichikhalanso bwino pa gasiketi, ndipo fumbi limapeza polowera. Mukamaliza, chigonekeni pa galasi lathyathyathya n'kusindikiza makona ake. Chikagwedera, chiwongoleni musanapitirize.

Palani m'mphepete mwa bowolo ndi tupa kenako ndi sandipepa wosalala, mpaka kansalu kodutsitsa pamenepo kasakole paliponse. Kachitsulo kakang'ono kotsalira m'mphepete kamatha kuthothoka patapita milungu chifukwa cha kunjenjemera, n'kugwera pachimbale. Tsukani chivundikirocho ndi madzi a sopo ndi kabulashi, osanyowetsa kasefa, kenako pukutani ndi isopropyl alcohol (spiriti yoyeretsera zipangizo zamagetsi) ndi kansalu kosasiya ulusi.

Pulasitiki ndi guluu

Pulasitiki zoonekera zimene zimagwiritsidwa ntchito ndi ziwiri: acrylic, imene ambiri amaidziwa ndi dzina la Plexiglas, ndi polycarbonate. Acrylic imaoneka mbee ndipo siikandika msanga, koma imang'aluka poidula ndipo alcohol amaiyambitsa timing'alu makamaka m'mphepete modulidwa, choncho itsukeni ndi madzi a sopo okha. Polycarbonate siisweka wamba ndipo ndi imene inaikidwa pa Raptor X, koma imakandika mosavuta. Iliyonse mwa ziwirizi ya mamilimita 2 ndi yokwanira. Vuto la zonsezi ndi static, magetsi aja amene amadziunjika pa pulasitiki ikakhuzidwa, amene amakoka fumbi ndiponso atha kuwononga timitu, chifukwa timitu towerenga deta sitipirira ngakhale kamphamvu kochepa kotere. Mukapeza pulasitiki yopakidwa zoteteza ku static, tengani imeneyo. Mukapanda kuipeza, chotsani kapepala kotetezera ka mbali ya mkati pang'onopang'ono komanso nthawi ikadalipo, osati pa mphindi yomaliza, ndipo musaipukute ndi nsalu youma.

Zenera limatidwe kunja kwa chivundikiro, osati mkati. Mpata wa pakati pa chivundikiro ndi mkono ndi wochepa moti pulasitiki ya mkati ikhoza kukhudza mkono kapena chipanikizo cha pakati pa chimbale. Kumata kunja kumanenepetsa hard drive ndi mamilimita awiri kapena atatu, choncho yesani ngati idzalowebe pamalo pake m'kompyuta.

Pa nkhani ya guluu m'pamene ambiri amaonongera ntchito yabwino. Super Glue ndi ena a mtundu wake amatulutsa nthunzi imene imasiya chifunga choyera pa pulasitiki, ndipo chifunga chomwecho chimakatera pa zimbale. Silikoni yomatira magalasi, ija ya fungo lowawasa, nayo siyoyenera, chifukwa nthunzi yake imapitiriza kutuluka kwa nthawi yaitali ndipo imadetsa timitu. Njira zabwino ndi ziwiri: tepi yolimba yomata mbali zonse, monga VHB ya kampani ya 3M, yozungulira bowo lonse popanda mpata polumikizira, kapena epoxy wosakaniza mbali ziwiri wouma pang'onopang'ono, wopakidwa mopyapyala cha kunja kuti asasefukire mkati mwa bowo. Ndi bwinonso kuphatikiza: tepi igwire zenera, kenako epoxy azungulire m'mphepete mwa kunja kutseka timipata. Siyani kuti ziume kwa maola osachepera 24, ndipo masiku atatu kapena anayi ndi abwino koposa. Ngati mukumvabe fungo la guluu mukayandikiza mphuno, nthawi yake siinakwane. Kuti muone ngati patsekeka, tembenuzani chivundikiro, thirani madontho a madzi molumikizira monse, ndipo yang'anani ngati akutulukira kuseri. Mukatero chiumitseni bwinobwino, chitsukeninso komaliza, n'kuchiika m'thumba latsopano lotseka.

Kusinthanitsa zivundikiro

Akatswiri opulumutsa deta amatsegula ma hard drive pamalo a muyezo wa Class 100, umene masiku ano umatchedwa ISO 5, kutanthauza kuti mu mpweya wokwana futi imodzi mulitali, mulifupi ndi msinkhu simupezeka tizidutswa toposa 100 ta theka la micrometre kapena kuposerapo (micrometre ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita). M'chipinda wamba tizidutswa totere timatha kufika 1,000,000 mu mpweya wochuluka chimodzimodzi. Kunyumba simungafike pa muyezo wa akatswiriwo, koma mutha kuyandikirako. Njira yabwino ndi kutenga bokosi lalikulu lapulasitiki loonekera, kulitsuka, kuligoneka cham'mbali, ndi kulowetsamo mpweya wochokera m'makina oyeretsa mpweya okhala ndi sefa ya HEPA, imene imagwira 99.97 peresenti ya tizidutswa ta micrometre 0.3. Mpweya woyerawo uzilowera kumbuyo n'kutulukira kumene kuli manja anu, ndipo makinawo ayambe kugwira ntchito kwa kanthawi musanatsegule chilichonse. Ena amagwiritsa ntchito bafa: amatsegula madzi otentha mpaka nthunzi itadzaza, n'kutseka chitseko kudikira kuti nthunziyo itsike pamodzi ndi fumbi. Njira imeneyi imathandiza ndithu, koma ili ndi msampha wa chinyezi. Dikirani mpaka kalilole auma, chotsanimo matawulo ndi mapepala, ndipo hard drive isakhale yozizira kuposa chipindacho, kuopera kuti mame angapangike pachimbale.

Tsekani mazenera, zimitsani fani, phimbani tsitsi, valani masiki ndi magolovesi a nitrile opanda paudala, ndipo mangani pamkono lamba wochotsa static. Pukutani kunja konse kwa hard drive, makamaka mumpata wa pakati pa chivundikiro ndi thupi lake, mmene fumbi la zaka zambiri limabisala. Boolani chipepala pamene pali masikuluwu obisika n'kuchotsa tizidutswa take musanamasule kanthu. Masulani masikuluwu onse n'kuwayala mwadongosolo kuti iliyonse idzabwerere pabowo pake, ndipo pomasula ya pa nsanamira ya mkono, dzanja lanu lisunge mmene inalimbira. Chivundikiro chimakhala chitakakamira pa gasiketi. Chinyamuleni pakona imodzi ndi kapulasitiki kathyathyathya kongolowa nsonga yokha, chifukwa sikuludilaiva ikaterereka imathera pachimbale.

Apa zonse zichitike mofulumira koma mopanda phuma. Chivundikiro chatsopano chikhale pafupi, thumba lake litatsegulidwa kale. Pendeketsani hard drive kuti chimbale chisayang'ane kumwamba, chotsani chivundikiro chakale, ikani chatsopano, ndipo musaweramire pamwamba pake kapena kulankhula. Chimbale chotsegula n'chokongola kwambiri ndipo mtima umafuna kuchiyang'anitsitsa, koma zenera mukuikalo ntchito yake ndi yomweyo, choncho kuonerako kudikire. Musazungulitse chimbale ndi chala ndipo musakankhe mkono. M'ma hard drive akale ambiri timitu timagona pachimbale penipeni, cha pakati, ndipo kutikoka chimbale chitaima kumapala pamwamba pake. Mukaona kachidutswa katatera pachimbale, kauzireni ndi kampira kopopera mpweya kamene ojambula zithunzi amayeretsera makamera. Musauzire ndi pakamwa, musapukute ndi nsalu, ndipo pewani mpweya wa m'zitini chifukwa nthawi zina umalavula madzi ake.

Bwezerani masikuluwu onse osalimbitsa, kenako alimbitseni pang'onopang'ono modumphadumpha, kona iyi kenako yoyang'anana nayo, kuti gasiketi ipanikizike mofanana. Ya pa nsanamira ya mkono ilimbe monga inalili, osapitirira. Pamitu ya masikuluwu amene anali pansi pa chipepala matanipo tizidutswa ta tepi ya aluminiyamu, koma kabowo kopumira kasiyeni kotsegula.

Kuyatsa koyamba ndi kuyesa

Gonekani hard drive patebulo losagwedera, ilumikizeni ndi adaputala ya USB yokhala ndi magetsi akeake, popeza ya mainchi 3.5 imafuna mavoti 12 ndi 5, ndipo yatsani mukuyang'ana pazenera. Ikakhala bwino, chimbale chimanyamuka mpaka kufika pa liwiro lake m'masekondi ochepa, mkono umachoka pamalo pake popumira, umayenda kamodzi kapena kawiri, n'kukhazikika. Isiyeni izungulire kwa mphindi zingapo osailamula kanthu, kuti mphepo ya mkati ikankhire tizidutswa totsala ku kasefa kena koyera kamene kamakhala pakona pafupi ndi chimbale. Mkono ukamangopita ndi kubwerera n'kumagunda mobwerezabwereza, zimitsani, sinthani pang'ono chabe kulimba kwa sikuluwu ya pa nsanamira, ndipo yesaninso, pakuti nthawi zina vuto limakhala lomwelo. Koma mukamva kukwecha, kapena mukaona mzere wozungulira wotuwa ukuoneka pachimbale chimene chinali chonyezimira, kamutu kagunda, ndipo palibenso chokonza. Hard drive imeneyo yatsala yongoonetsa.

Ikadziwika ndi kompyuta, iyeseni yonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto, pogwiritsa ntchito kuyesa kwakutali kwa SMART kapena pulogalamu ya badblocks pa Linux, kenako yerekezani mizere ya 5, 197 ndi 198 ndi zimene munalemba papepala. Zigawo zoipa zochepa zimene zaonekera kamodzi n'kuima si zachilendo. Nambala imene ikukwera tsiku ndi tsiku ikusonyeza kuti mkati muli fumbi limene likupitiriza kupala, ndipo mapeto ali pafupi. Bwerezani kuyesaku patatha sabata, ndiponso patatha mwezi, uku mukuyang'anira kutentha pa mzere wa 194, kumene ndi bwino kuti kusafike madigiri 50. Phokoso lidzakhala lokulirapo kuposa kale chifukwa mwachotsa mbali ya chitsulo chimene chinkalitsekereza.

Mkono suyenda kwambiri kompyuta ikamawerenga failo imodzi yaikulu, choncho mukafuna kuti anthu aone kuthamanga kwake, koperani timafailo tambirimbiri nthawi imodzi kapena yendetsani pulogalamu yoyesa liwiro imene imawerenga malo osiyanasiyana mosatsata dongosolo. Magetsi a LED aikeni kunja, akuwalira cham'mbali pazenera. Kuwalowetsa mkati kumafuna bowo lina la waya ndi guluu winanso pafupi ndi chimbale. Mangani hard drive m'kompyuta ndi masikuluwu onse anayi pamalo poti palibe waya wokhudza pulasitiki, musaisunthe ikuzungulira, ndipo zenera likada lipukuteni ndi kansalu konyowa pang'ono, kompyuta itazimitsidwa.